Laketi ya a Longwe ndi Matumbo a Mbuzi

Pali agalu ena pakati pa Chintheche ndi Bandawe amene mpaka lero akandiona amandithamangira akugwedeza michira, ngati aona m'bale wawo amene anatchona. Anthu amati ndili ndi mwayi wokondedwa ndi zinyama. Ine ndimangomwetulira, chifukwa ndikudziwa chimene agaluwo amakumbukira, ndipo si khalidwe langa labwino ayi.

Ndiyambe ndi kuulula matenda anga. Ine ndimakonda tenisi, masewero aja anthu amamenyerana kampira kudutsitsa pamwamba pa ukonde. Kusewera sindinasewerepo ngakhale kamodzi, ndipo kwathu ku Ntcheu ndinakula osaona bwalo lake. Ndimangoonera pa kanema ndi kuwerenga pa foni mpaka bandulo kutheratu. Koma zodziwa ndiye ndimadziwa. Ndikhoza kukuuzani kuti mipira yake kale inali yoyera, anachita kuisintha kukhala yachikasu kuti izioneka bwino pa kanema. Ndikhoza kukuuzani kuti pa mpikisano wina wa ku Mangalande, umene amasewerera pa udzu, wosewera saloledwa kulowa m'bwalo ngati sanavale zoyera zokhazokha, ndiponso kuti kumeneko analemba ntchito kabawi (inde, yemwe uja amatha anapiye kwanu) kuti azithamangitsa nkhunda. Palinso amuna awiri amene masewero awo anatenga masiku atatu asanapezeke wopambana. Vuto langa ndi lakuti zonsezi ndimauza munthu aliyense amene ali ndi makutu.

Atanditumiza kudzaphunzitsa pa sekondale ina kufupi ndi Bandawe, ndinamva kuti loji ina ku Kande ili ndi kanema wa dishi. Ndinayamba kupitako Loweruka lililonse, kugula botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi n'kumalimwa pang'onopang'ono ngati mankhwala. Wosunga rimoti anali mtsikana wolandira alendo, dzina lake Wezi. Anamva nkhani ya kabawi ija kangapo konse koma osathawa, ndipo ine ndinaona kuti mkazi wopirira chotere sapezekapezeka. Ndinamufunsira, anandizunguza miyezi ingapo monga mwa mwambo wake, kenako anavomera. Chinatsala ndi bambo ake.

Bambo ake a Wezi ndi a Longwe, mkulu wa mpingo, munthu amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Bulawayo. Inu mukudziwa kutchena kwa Atonga. A Longwe amamanga tayi ngakhale popita kukaona chinangwa chimene aviika m'madzi. Salankhulalankhula, ndipo akakuyang'ana umayamba kukumbukira ngati wapesa. Wezi anandiuziratu poyera kuti iye sangakwatiwe popanda mawu a bambo akewo, ngakhale nditamulonjeza ndege.

Ulendo woyamba ndinapita ndi a Mphande, mphunzitsi mnzanga wa konkuno, amene anavomera kukhala thenga wanga, ndiye kuti nkhoswe yondilankhulira. Tili m'njira anandilangiza.

"Kumeneko mukakhale ngati mwana wa sukulu. Akakufunsani muyankhe. Akapanda kufunsa muziyang'ana nsapato zanu."

Ndinalonjeza. Ndipo ndinayesetsa ndithu: moni ndinayankha m'Chitonga changa chopunduka, ndikuwatchula kuti ada, ndiye kuti bambo, chipewa ndinavula, nsapato ndinaziyang'ana mpaka ndinazindikira kuti ina yayamba kuseka. Koma atatiitanira ku tebulo ndinadzutsa mutu, ndipo pakhoma, pakati pa chithunzi cha ukwati ndi kalendala ya mpingo, ndinaona laketi. Chomenyera mpira wa tenisi chenicheni, chamatabwa, chakalekale, chopukutidwa mpaka kunyezimira. Zingwe zake zinali zitaduka pakati penipeni, pali chibowo, nsonga zake zili nyankhalala ngati ndevu za mlamba.

Malangizo onse anathera pomwepo.

"Ada, laketi iyi ndi yamatabwa! Masiku ano sapanganso zotere!"

"Eya," anatero a Longwe.

"Kodi mukudziwa kuti zingwe zimene akatswiri amakonda amapanga ndi matumbo a ng'ombe? Matumbo enieni, a m'mimba!"

Apa n'kuti anthu akudya. A Mphande anandiponda phazi pansi pa tebulo, ine ndinangolisuntha poganiza kuti malo awachepera. Ndinafotokoza za mipira yachikasu, ndinafotokoza za zovala zoyera, kabawi nayenso anaulukamo m'nyumbamo. Pomaliza ndinaloza pakhoma paja.

"Zingwe zaduka izi, ada. Ine ndikhoza kukukonzerani."

"Musavutike, aphunzitsi."

"Si vuto konse, ada."

"Awa, musavutike."

Tsono kwathu munthu akati musavutike, nthawi zambiri amakhala akungochita ulemu, monga mlendo amene amakana chakudya m'mimba mukulira. Ine ndinamva kuti mkuluyu akufunitsitsa, koma akuchita manyazi kutuma munthu amene sanakhale mkamwini. Ndinatuluka m'nyumbamo ndikuona kuti ndapeza khomo lolowera mumtima mwawo.

Tsiku lokambirana za ukwati linaikidwa, Loweruka lina m'mwezi wotentha wa Okutobala. Sabata yomweyo a Longwe anapita ku msonkhano wa mpingo ku Mzuzu, oti abwerako Lachisanu. Ndinaona kuti mwayi sulira ngati belu, ndipo ndinathamangira kwa Wezi.

"Ada salola munthu kuikhudza," anatero. "Ngakhale fumbi amapukuta okha."

"Ndiye chifukwa chake akasangalale. Taganiza, akubwera kuchokera ku Mzuzu, akupeza laketi ili bwinobwino ngati yatsopano. Loweruka sipakhalanso zokambirana zambiri."

"Koma inu munakonzapo?"

"Ndinawerenga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. (Wezi amati mpaka lero sadziwa chimene chinamugwira tsiku limenelo. Ine ndimati ndi chikondi, iye amati ndi malungo.) Mapeto ake anakaitsitsa pakhoma, naikulunga m'chitenje, nandipatsa ngati akundipatsa khanda.

"Ikabwera ndi kachilema ngakhale kamodzi, ine sindikukudziwani."

Nditafika kunyumba ndinatenga lezala, ndinadula zingwe zakale zonse, ndinazisesa, n'kukaziponya kudzala kumene zinyalala zinkapsa. Ntchito imeneyo inayenda bwino kwambiri, ndipo ndiyo yokhayo imene inayenda bwino.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Chintheche, kwa Che Amidu, wogulitsa nyama pamsika, munthu wa ku Mangochi wanthabwala zake. Ng'ombe panalibe tsiku limenelo, panali mbuzi. Ndinaganiza pang'ono, n'kuona kuti mbuzi ndi ng'ombe zimangosiyana msinkhu, zonse zimadya udzu.

"Aphunzitsi, lero ndi nthumbwana? Ndikuikireni ndi chifu chomwe?"

"Ayi, matumbo okha. Aatali, musadule."

"Mukaphika osadula?"

"Si ophika. Ndikapangira zingwe."

Che Amidu anaika mpeni pansi. "Zingwe zilipo pa shopu apo, achimwene. Za nayiloni, zimene amagula asodzi."

"Akatswiri enieni amafuna matumbo," ndinayankha monyada.

"Basi chabwino," anatero akukulunga. "Mbuziyi yafa kale, siingadandaule."

Ndinakatsuka matumbowo kunyanja masana dzuwa lili paliwombo, pambali pa amayi amene ankachapa. Mmodzi anandifunsa ngati mkazi wandithawa, poona mwamuna wovala malaya a ku ofesi akukama matumbo yekha. Ndinayamba kumufotokozera za akatswiri a tenisi, iye ananyamula beseni lake n'kusunthira kumtunda kwa mphepo.

Pano ndiyenera kunena chilungamo. Nkhani ija ya matumbo ndinaiwerenga theka lokha, chifukwa bandulo inathera pakati. Gawo lonena kuti kufakitale amangotengako kachikopa kopyapyala, n'kukatsuka m'mankhwala, n'kukaumitsa pang'onopang'ono kwa masabata, ndinadzaliwerenga zonse zitachitika kale. Panthawiyo zotsalazo ndinamalizitsa ndi nzeru zanga. Ndinang'amba matumbowo m'litali, ndinawathira mchere, ndinawapota ngati luzi, n'kuwayanika pa chingwe cha zovala kuseri kwa nyumba. Ntchentche za m'boma lonse la Nkhata Bay zinauzana, akhwangwala nawo anabwera kudzayendera ntchito. Matumbo amene anapulumuka anauma gwa, ndipo nditayesa kuwapinda anangothyoka ngati kamtengo.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo n'kukagula nayiloni ija. Ine ndinabwerera kwa Che Amidu kukagula ena (sanandifunsenso kanthu, anangoitana mnzake wogulitsa usipa kuti adzandione), ndipo ndinapeza nzeru yatsopano: ndiwaluke akadali anyowa, aumire pa laketi pomwepo. Ndi singano yosokera matumba ndinawalowetsa m'timabowo tonse, ndikukoka ndi mphamvu zanga zonse, ena choimirira ena chopingasa. Nditamaliza, abale anga, zinakongola. Ndinaimirira pakati pa chipinda n'kumenya mpweya kawiri katatu, ndikudziona ndili pa udzu wa ku Mangalande. Kenako ndinaiika pamwamba pa malata kuti iume msanga, n'kupita kukaphunzitsa.

Amene munakhalako kunyanja mu Okutobala mukudziwa kuti pa malata oterowo mukhoza kukazinga dzira. Pobwera ku sukulu, fungo linandichingamira ndisanaione nyumba. Nditakwera pa mpando n'kusuzumira padenga, ndinaona zoopsa. Matumbo aja pouma anakhwinyata, ndipo pokhwinyata anakoka mtengo wokalambawo mpaka mutu wa laketi unapindika ngati chipande. Pakhosi pake panali mng'alu woti n'kulowetsa chikhadabo.

Ndinachita mantha enieni. Ndinati ndiiviike m'madzi kuti zingwe zifewe, mtengo ubwerere. Zingwe zinafewadi, ndipo fungo linadzuka ndi mphamvu zatsopano, koma guluu wakale amene anamata timatabwa ta laketiyo anasungunuka, timatabwato tinayamba kutsegukana ngati buku lonyowa ndi mvula. Ndinaitsindika ndi mwendo wa bedi, ine n'kukhala pamwamba pake. Inapindikira mbali inayo. Pomaliza ndinaipopera perefyumu yense amene ndinasungira tsiku la Loweruka, ndipo zotsatira zake zinali fungo la mbuzi yakufa imene ikupita ku ukwati.

Lachisanu madzulo foni inalira. Anali Wezi.

"Ada abwera. Aona msomali uli wokha pakhoma. Ndawauza kuti ili kwa inu."

"Ati chiyani?"

"Sanati kanthu. Koma sanadye." Kenako anafunsa, "Ili bwino, eti?"

"Ili... yasintha pang'ono."

Anadula foni.

Ndinaganiza zonama kuti yabedwa mu minibasi. Koma bodza limenelo likanagwera Wezi, amene anaitsitsa pakhoma ndi manja ake chifukwa chondikhulupirira. Ndinanyamula mtembo wa laketiwo kupita nawo kwa a Mphande. Anaseka mpaka kutsamira khoma, kenako atakumbukira kuti wokalankhula mawa ndi iwowo, kuseka kunatha.

"Madzi akatayika sawoleka," anatero. "Mwamwambo inu simuyenera kuoneka pa zokambiranazi, koma mawa mupita. Mukaitule nokha tisanayambe, chifukwa ine sindingapemphe mwana wa munthu ndili ndi chinthu ichi m'manja."

Loweruka m'mawa tinanyamuka atatu: ine, a Mphande, ndi malume anga amene anachokera ku Ntcheu chifukwa cha mwambowu. Tonse tinali m'masuti. Minibasi sinayende mtunda wautali, kondakitala anamenya chitseko kuti iime.

"Amene wanyamula nsomba yoola atsike!"

Mayi wina wogulitsa nsomba anakwiya kwambiri, nati zake ndi za m'mawa womwewo, aliyense anunkhize. Anthu ananunkhizadi, mphuno zonse zinatsata mpaka pa chitenje chimene chinali pamiyendo panga. Tinatsika. Mtunda wotsalawo tinayenda wapansi m'mbali mwa msewu, ndipo ndi pamene agalu anayamba kulowa mu ulendo. Woyamba anali wakuda, waulemu wake, ankangotsata patali. Pa mudzi uliwonse ankawonjezeka. Malume anga anayamba kuyenda patsogolo kwambiri ngati munthu amene sakutidziwa, a Mphande ankaponya miyala, ine ndinanyamula laketi pamwamba pa mutu ngati munthu wowoloka mtsinje. Tinafika kwa a Longwe ndi gulu loti wina akanayesa tikupita kosaka.

Abale a Wezi anali atakhala kale pansi pa mtengo wa mango. A Longwe anali pa mpando wawo, suti yakuda, tayi ili pamalo pake. Ndinagwada patsogolo pawo n'kumasula chitenje chija. Azakhali a Wezi anaphimba mphuno. Wezi, amene ankasuzumira pakhomo, anangoti "Ama ine!" n'kugwira pamutu.

A Longwe anaitenga ndi manja awiri, osaopa fungo. Anaitembenuza uku ndi uku. Anayendetsa chala pa mng'alu uja. Ndinadikira kuti akalipe za kupindika, za fungo, za kutenga chinthu chawo iwo kulibe, ndipo mayankho ake ndinali nditawakonza. Koma anafunsa zina.

"Zingwe zakale zija zili kuti?"

"Ndinataya, ada. Zinali zoduka."

"Munataya kuti?"

"Pamoto."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali pa laketipo.

"Ku Bulawayo ndinkagwira ntchito pa kalabu ya azungu," anayamba motsitsa mawu, "ine ndi mng'ono wanga Yotamu. Tinkathirira bwalo la tenisi, kulisalaza, kujambula mizere ndi laimu. Kuponda tinkapondapo tsiku lililonse, koma kusewerapo munthu wakuda sankaloledwa. Dziko lija litalandira ufulu, mzungu wina pochoka anatisiyira malaketi awiri. Tsiku lina titaweruka, Yotamu anati, 'Akulu, bwalo tasesa tokha ili, tiyeni.' Tinalowa, mitima ikugunda ngati akuba."

Agalu aja nawo anali atagona.

"Sitinkadziwa kuwerenga zigoli, tinkangomenya n'kumaseka. Yotamu anali ndi dzanja lamphamvu. Anamenya mpira wina, ine ndinatchinga, mpirawo unaboola zingwe n'kupitirira. Anaseka mpaka kugona pansi, pa mizere yathu yomwe. Tinati tikagula zingwe zina tidzabwereza. Chaka chisanathe anadwala, ndipo manda ake ali konko. Chibowo chija anaboola ndi iyeyo."

Ndinamva manyazi amene sindinamvepo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni. Ndinakhala m'nyumba ya munthuyu, ndinadya nkhuku yake, ndinamuuza za kabawi wa ku Mangalande, koma sindinamufunse funso limodzi laling'ono lakuti zingwezi zinaduka bwanji.

Tsono muone mmene matenda amachitira. Ndili chigwadire chomwecho, misozi ili pafupi, mfundo ina inanditulukira m'mutu. Ndinawerengapo kuti zingwe zikaduka pakati penipeni ndiye kuti wosewerayo anaulandira mpira pamalo oyenera, monga amachitira akatswiri. Ndinaona kuti imeneyi iwatonthoza. Pakamwa panatseguka pokha.

"Ada, kodi mukudziwa kuti..."

A Longwe anakweza chala chimodzi.

"Aphunzitsi, mwatiuza zambiri za tenisi. Koma pali lamulo lina limene munalidumpha. Mpira ukakhala m'bwalo, oonerera amakhala chete."

Ndinatseka pakamwa. Iwo anapitiriza, mpira ndi mpira, mmene dzuwa linkawathobwera m'maso, mmene Yotamu anasewerera wopanda nsapato poopa kuwononga bwalo, mmene mlonda anawapezera n'kungokhala pansi kumaonerera. Wezi anali atatuluka n'kukhala pafupi ndi azakhali ake, akupukuta m'maso. Anandiuza pambuyo pake kuti dzina la a Yotamu ankalidziwa, koma nkhani imeneyi nayenso ankaimva koyamba.

Za ukwati sizinakambidwe tsiku limenelo. A Longwe anauza a Mphande ndi malume anga, mwaulemu wonse, kuti sakukana, koma munthu wopupuluma chotere ayambe waphunzira kudikira. Anati tidzabwerenso akadzakumba chinangwa chimene ankayembekeza kudzala ndi mvula yoyamba. Malume anga, amene anazolowera chimanga cha miyezi yowerengeka, anavomera msangamsanga. Anadziwira panjira pobwerera kuti chinangwa cha kuno chimatha chaka ndi kupitirira chili m'nthaka, ndipo sanandilankhulitse mpaka anakwera basi.

Ndinadikira. Wezi anatha mwezi wathunthu akundipatsa moni wa alendo a pa loji. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkapita kukakhala pakhonde la a Longwe, iwo akulankhula akafuna, ine manja ali pamaondo. Mundawo ndinkauyendera kuposa eni ake. Chinangwa chinakhwima, thenga anabwereranso, ndipo Wezi lero ndi mkazi wanga.

Akuluakulu amati safunsa adadya phula. Chimene sanatiuze ndi chakuti nthawi zina wosafunsayo amapulumuka, phulalo n'kudya munthu wina wosalakwa. Ine ndinapeza mkazi, a Longwe anataya chibowo cha mng'ono wawo, ndipo palibe sitolo imene ndingakachigule.

Mfundo ija ya zingwe zoduka pakati ikadali pakhosi panga. Sindinawauzebe, ngakhale ndikukhulupirira kuti angasangalale kumva kuti tsiku limenelo anatchinga ngati katswiri. Ndikudikira kuti adzandifunse okha. Wezi akuti ndidikira mpaka imvi, koma Lamulungu lililonse ndimapita nayo pakhonde paja, n'kubwerera nayo.